Mwana wa zaka 8 akungogwaigwa, mpira sawakha: ndi ulesi kapena n'zofunika chipatala?

Funso

"Ndine mphunzitsi wa Sitandade 2 pa sukulu ina kuno ku Mulanje, chakufupi ndi Chitakale. M'kalasi mwanga muli ana opitirira 100, ambiri a zaka 7 mpaka 9. Teremu yathayi ndinawatulutsa pabwalo kuti tikachiteko masewero, ndipo ndinadabwa kuona kuti ambiri sakutha kuwakha mpira kapena kudumpha ndi mwendo umodzi, chonsecho ndi ana oyenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku. Pali mnyamata wina wa zaka 8 amene amangogwaigwa. Anzake amamuseka, bambo ake akuti ndi ulesi chabe. Kodi mwana wa msinkhu umenewu amayenera kutha ziti? Nanga ndingadziwe bwanji kuti apa pafunika chipatala?"

Yankho

Aphunzitsi, mwachita bwino kuwatulutsa anawo. Ntchito yanga ya mafizo yandifikitsa m'masukulu angapo a ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo kambiri nthawi ya Expressive Arts ndapeza ana ali phee m'kalasi, akukopera notsi za kutalika kwa bwalo la mpira, pomwe bwalo lenilenilo lili panja pawindo mbuzi zikudyapo msipu. Chiyambire 2007, pamene silabasi ya kupulayimale inakonzedwanso, masewero olimbitsa thupi anawaphatikiza ndi nyimbo, magule, zisudzo ndi ntchito zamanja kukhala phunziro limodzi. Poti mayeso a Sitandade 8 ndi apapepala, kuthamanga ndi kudumpha ndi komwe kumayamba kutayidwa ntchito ikapanikiza. Sindikuloza chala aliyense. Ana 100 ndi mpira umodzi wophwa si masewera.

Tiyambire pa chomwe chakudabwitsanicho. Kulimba kwa thupi n'kwina, luso la thupi n'lina. Taganizirani kamtsikana ka zaka 8 kakuchokera kumjigo, ndowa yodzaza ili pamutu, kakutsika kanjira koterera ka dothi lofiira m'mbali mwa munda wa tiyi mvula itangokata kumene. Khosi lili njo, chiuno chikutsatira kugwedezeka kwa madzi, zala zakumapazi zikuchita kukanirira pansi. Wamkulu wa m'tauni atayesa sangafike pamtengo wachiwiri. Kamtsikana komweko mukakaponyera kampira kakang'ono, katambasula manja onse chiwongokere ngati kakulandira mtolo wa nkhuni, nkhope katembenuzira kumbali, maso katsinzina, mpira n'kugunda pachifuwa n'kugwa. Si kofooka, si kopusa. Kusenza kakhala kakuyeserera ndi kachitini kuyambira kali ndi zaka 4, koma kuwakha palibe anakaonetsapo.

Ambirife timaganiza kuti luso lotere limamera lokha ngati mano. Kukhala, kukwawa ndi kuyenda zimabweradi popanda wophunzitsa, mwana akakhala wathanzi. Kafukufuku amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2006, pa ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, anapeza kuti pafupifupi onse anayamba kuyenda okha ali pakati pa miyezi 8 ndi 18. Zimene zimamangidwa pamwamba pa kuyendako ndi zomwe zimafuna kuyeserera, malo ndi woonetsa. M'mabuku a Chingerezi amazitcha gross motor skills, kutanthauza luso logwiritsa ntchito minofu ikuluikulu ya miyendo, manja ndi msana. Pali luso losuntha thupi, monga kuthamanga ndi kudumpha. Pali la mpira, monga kuponya, kuwakha ndi kumenya ndi phazi. Ndiye pali lodzigwira kuti usagwe, monga kuima ndi mwendo umodzi kapena kuwoloka pamlatho wa mtengo umodzi. Mwana akhoza kukhala katswiri pa gulu limodzi, pa linalo ali mbuli. Ana athu akumudzi kawirikawiri lachitatuli amalidziwa kwambiri.

Ochita kafukufuku ali ndi muyeso wotchuka wotchedwa Test of Gross Motor Development. Anaukonza Dale Ulrich wa ku America mu 1985, ndipo wachitatu wake, wa mu 2019, umayesa maluso 13 pa ana a zaka 3 mpaka 10. Chomwe ndimaukondera n'chakuti sufunsa kuti mwana waponya patali bwanji kapena wathamanga masekondi angati. Umafunsa kuti waponya motani. Diso limenelo mungathe kukhala nalo inunso popanda fomu iliyonse.

Tengani kuponya. Wongoyamba amaima atayang'ana kutsogolo, mapazi ali pamodzi, n'kukankha mpira kuchokera pachigongono ngati akuingitsa ntchentche. Akatsogolako amaponda patsogolo, koma ndi phazi la mbali yomweyo ya dzanja loponyalo. Wodziwa amayamba waima cham'mbali, dzanja amalibweza pansi ndi kumbuyo, amaponda ndi phazi la mbali inayo, chiuno chimazungulira, mapewa n'kutsatira, dzanja n'kukathera chakumunsi kudutsa pathupi. Mukaime pansi pa mtengo wa mango mu Novembala anyamata akugenda, mudzaona mitundu itatu yonseyi pa ana obadwa chaka chimodzi. Amene mango ake amagwa kawirikawiri si wamphamvu kuposa anzake, koma woponda ndi phazi loyenera.

Powakha, wodziwa amauyang'ana mpira mpaka ufike, manja ali patsogolo zigongono zitapindikako, amauchingamira n'kuugwira ndi zikhatho zokha, osaukumbatira pachifuwa. Podumpha ndi mwendo umodzi, mwendo womwe uli m'mwambawo umapindikira kumbuyo n'kumakankhira thupi patsogolo, manja akuthandiza, ndipo mwana amatha maulendo anayi kapena kuposa motsatizana osaponda pansi ndi linalo. Pothamanga onani ngati zigongono zapindika, ngati dzanja lamanja likupita patsogolo limodzi ndi mwendo wamanzere, komanso ngati akutera mopepuka osati phwa phwa ndi phazi lonse.

Chenjezo limodzi pa miyeso yakunjayi. Malikisi ake anawatengera pa ana a ku America, ndipo mwa maluso 13 aja muli kumenya mpira ndi chibonga cha baseball komanso kunjanjitsa mpira pansi ngati pa basketball. Mwana wa ku Limbuli amene sanaonepo chibonga chotere akalephera, walephera chinthu chachilendo basi. Mukamva kuti kafukufuku wapeza ana a dera lakutilakuti ali otsalira, muzifunsa kaye kuti anawayesa ndi chiyani. Kuno kwathu tili ndi muyeso wathuwathu, Malawi Developmental Assessment Tool, umene Melissa Gladstone ndi anzake anautulutsa mu 2010 atauyesa pa ana akumudzi a m'dziko muno. Koma uwo ndi wa ana aang'ono, umathera pa zaka za mkombaphala. Pa msinkhu wa ana anuwo chida chodalirika ndi maso anu, ndi kufananiza mwana ndi anzake a zaka zomwezo a m'mudzi momwemo.

Nanga zaka? Mwana wa zaka 4 amayenera kudumphako ndi mwendo umodzi kangapo ndi kuwakha mpira waukulu woponyedwa pafupi. Wa zaka 5 amaima ndi mwendo umodzi masekondi pafupifupi 10. Pofika zaka 6 kapena 7 kathamangidwe kamakhala ngati ka wamkulu, amadumpha ndi mwendo uliwonse, amayenda pamzere chidendene chikugunda chala osapatuka, ndipo kampira kakang'ono amayamba kukagwira ndi manja okha. Kuyambira zaka 8 mpaka 10 ntchito ndi yolumikiza: kuwakha akuthamanga, kuzinda mpira n'kutembenuka nthawi yomweyo, kumenya mpira ukugubuduzika. Izi si malire ojambula ndi rula. Miyezi ingapo uku kapena uku si nkhani. Ndipo musanaweruze, tsegulani kaundula muone zaka zenizeni. Mu Sitandade 2 mumakhala wa zaka 7 ndi wa zaka 11 pabenchi imodzi, ndipo wopinimbira wa zaka 10 amaoneka ngati wa 7.

Tsono ngati theka la kalasi likulephera kuwakha, musaganize za matenda. Matenda sagwira theka la kalasi mwanjira imeneyo. Ganizani za mpata. Maboma athu awiriwa ndi othithikana, malo aakulu ndi minda ya tiyi, kotsalako paliponse pali chimanga, nandolo kapena chinangwa mpaka pakhomo penipeni. Bwalo lomwe lilipo madzulo amalanda ndi anyamata akuluakulu, wa zaka 7 ntchito yake kutola mpira ukagwera m'tchire. Mtsikana akaweruka pali mbale, madzi, nkhuni ndi mwana kumsana. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amasonyeza anyamata akutsogola pa kuponya ndi kumenya mpira, atsikana akufanana nawo kapena kuwaposa pa kudumpha ndi kudzigwira, ndipo pa msinkhu uwu matupi awo sanasiyane kwenikweni: chasiyana ndi zomwe amasewera. Umboni uli pabwalo lanu lomwelo. Atsikana a fulaye amaponya molunjika ndi kuzinda mochititsa kaso kuposa anyamata ambiri, pomwe anyamata a chikulunga phazi lili bwino koma manja ngati obwereka.

Kenako pali m'mimba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, ndipo ana otere ndi omwe amadzadzaza makalasi athu. Kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha, kumachedwetsanso kukula kwa minofu ndi ubongo. Onjezani kuchepa kwa magazi kobwera ndi malungo obwerezabwereza, njoka zam'mimba ndi likodzo, mupeza mwana wotopa msanga, wokonda kukhala pamthunzi nthawi ya buleki. Mutsitseni chikope cham'munsi muone: ngati m'kati muli mbuu m'malo mofiira, ameneyo akayezetse magazi. Yang'ananinso kumapazi. Wa matekenya kapena ming'alu sangadumphe ndi mwendo umodzi, ndipo sanganene chifukwa cha manyazi.

Mungachitenji ndi ana 100? Choyamba siyani mpira wa timu ziwiri, 22 akusewera 80 akuonerera. Osewerawo ndi odziwa kale, ofunika kuphunzirawo ndi omwe akhala pansi. Lolemba uzani mwana aliyense abwere ndi majumbo akale ndi luzi, mupange mipira yachikulunga 30 kapena 40, ina yaikulu ngati papaya, ina yaing'ono ngati lalanje. Mizere lembani ndi phulusa. Mabotolo odzaza mchenga akhale zigoli ndi zolasa. Chingwe cha jingo chilipo kale m'matumba mwa atsikanawo. Gawani ana m'magulu asanu kapena asanu ndi limodzi, gulu lililonse pamalo pake: awa akuponyerana awiriawiri, awa akugenda mabotolo, awa akudumpha mabokosi a phulusa ndi mwendo umodzi, awa jingo, awa chipako. Pakatha mphindi zisanu imbani likhweru, asinthane. Anyamata alowe fulaye ndi jingo, atsikana amenye chikulunga; adzaseka tsiku loyamba lokha. Mukapempha ana anayi a Sitandade 7 kuti aziyang'anira magulu, mutu sukupwetekani.

Kungowasiya asewere kumathandiza, koma kuphunzitsa kumaposa. Onetsani inuyo kamodzi, pang'onopang'ono, ndipo perekani langizo limodzi lokha pa tsiku. "Ponda ndi phazi linalo." Sabata yamawa: "Maso pa mpira, manja patsogolo." Woopa mpira muyambitseni ndi waukulu wofewa, mutaima pafupi, muziponya chokweza pang'ono kuti aone kubwera kwake, akagwira kasanu bwererani m'mbuyo phazi limodzi. Mphindi 15 katatu pa sabata zimapindula kuposa maola awiri kamodzi pamwezi. WHO imalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zotulutsa thukuta pafupifupi mphindi 60 pa tsiku. Ana anu ambiri mphindi zimenezo amazikwanitsa ndi ulendo wa kusukulu ndi ntchito zapakhomo, choncho nthawi yanu yochepayo musaithere pozungulira bwalo, ipite ku luso. Ngati pasukulu panu pali phala, masewero abwere ana atamwa. Magule musawaiwale. Tchopa, gule wa Alhomwe yemwe bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wake wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2014, amafuna kuti mapazi, chiuno ndi khutu zimvane, ndipo mwana wokana mpira nthawi zambiri ng'oma saikana.

Zinthu ziwiri ndikupemphani musiye ngati zimachitika. Kuthamangitsa mwana kuzungulira bwalo ngati chilango kumamuphunzitsa kuti kuthamanga n'chibalo. Ndipo kulola makaputeni awiri kusankha osewera mmodzimmodzi kumatsiriza ndi mwana yemweyemweyo ataima yekha pakati, onse akumukana. Gawani nokha, powerenga 1, 2, 3.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, sankhani maluso anayi okha: kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha ndi mwendo umodzi, kuwakha ndi kuponya. Tsiku lililonse onani ana khumi, muchonge m'kope kuti watha, akuyesa kapena sanayambe. M'masabata awiri mwamaliza kalasi. Bwerezani potseka teremu. Mudzaona ambiri asuntha. Otsala osasuntha, ngakhale ayeserera limodzi ndi anzawo, ndi amene tiyenera kuwayang'anitsitsa, ndipo apa ndi pamene tafika pa mnyamata wanu uja.

Mawu oti ulesi tiwachotse kaye. Palibe mwana wa zaka 8 amene amasankha kugwa pamaso pa anzake kuti amuseke. Funso lalikulu, lomwe ine ndimayamba nalo kholo likangokhala pampando, ndi ili: kodi wakhala chonchi chibadwire, zinayamba atadwala, kapena zikunka zikula? Mayankho atatuwa amaloza njira zitatu zosiyana.

Ngati zikunka zikula, kuti chaka chatha ankathamanga bwinoko kuposa chaka chino, ndiye fulumirani. Muitanireni pambali, anzake atatuluka, mumuuze akhale pansi penipeni kenako adzuke osagwira kanthu. Mwana wa zaka 8 amangoti nyamu. Mukaona kuti akuyamba watembenuka chafufumimba, n'kugwada, n'kukweza matako m'mwamba miyendo atatangadza, kenako dzanja kugwira bondo, linalo bondo linalo, n'kumakwera ntchafu zake ndi manja ngati akukwera mtengo mpaka kuwongoka, chimenecho ndi chizindikiro chakuti minofu ya m'chiuno ndi m'ntchafu yafooka. Dokotala wa ku England, William Gowers, anachifotokoza mu 1879 ndipo chimadziwika ndi dzina lake. Kawirikawiri chimaloza nthenda yotchedwa Duchenne, imene imagwira anyamata, pafupifupi mmodzi mwa anyamata 3,500 mpaka 5,000 obadwa. Chosokoneza n'chakuti akatumba a kumiyendo amaoneka onenepa ngati a wosewera mpira, anthu n'kumati mwana wamphamvu chonchi akulephera bwanji kukwera kachitunda. Amayenda chopendama uku ndi uku, mimba patsogolo, nthawi zina chidendene osaponda pansi. Mankhwala ochiziratu palibe, koma alipo ochedwetsa kufookako, ndipo mafizo amateteza mfundo kuti zisaume. Nthendayi imayenda m'magazi kudzera mbali ya mayi, choncho achipatala adzafunsa ngati amalume ake ena anali ndi vuto lotere. Inu funso limenelo musalifunse. Kwathu kuno kwa chikamwini nkhani yotere ikatuluka molakwika imasanduka mlandu wa mbumba yonse, pomwe mayiyo sanalakwe kanthu, ndipo nthawi zina nthendayi imangoyambira pa mwanayo.

Ngati zinayamba atadwala kapena pobadwa, mayi ake kapena agogo ake amakumbukira. Sanalire atangobadwa. Anabadwa masiku asanakwane. Anachita chikasu sabata yoyamba. Anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, kapena matenda oumitsa khosi. Zonsezi zikhoza kusiya chipsera mu ubongo, ndipo chikakhala chaching'ono mwana amayenda, amalankhula, amalowa sukulu, anthu osazindikira kanthu. Muoneni akuthamanga: dzanja limodzi limapindikira pachifuwa chibakera chitafumbatika, mwendo wa mbali yomweyo ukukokeka. Onani patapata wake, mmodzi amatha kutsogolo kuposa mnzake. Vuto ili silikula ngati loyamba lija, koma mwana akamatalika minofu youmayo imatsalira, ndiye mafizo akayamba msanga amathandiza kwambiri. Funsaninso ngati amamwa mankhwala a khunyu, poti ena mwa iwo amagonetsa ndi kudzandiritsa, ndipo achipatala angathe kuonanso mlingo wake. Asasiye okha kumwa.

Ngati wakhala chonchi chiyambire, sanadwalepo kwambiri, mphamvu ali nazo, pansi amadzuka bwinobwino, koma thupi limangokhala ngati silimumvera, ndiye mwina ndi vuto lomwe madokotala amalitcha developmental coordination disorder. Limapezeka mwa ana 5 kapena 6 pa 100 a msinkhu wa sukulu, anyamata kuposa atsikana, kotero m'kalasi ngati yanuyo musadabwe kupeza angapo. Nzeru zimakhala zili bwino. Chovuta n'chakuti ubongo umachedwa kukonza ndondomeko ya kayendedwe. Mwana wotere amagunda mafelemu a zitseko, amataya phala, mabatani amamanga mopingasa, zolemba zake zimakhala ngati padutsa nkhuku ngakhale mayankho ali okhoza. Sizitha zokha akakula, koma amaphunzira ndithu mukamudulira luso m'tizidutswa n'kubwereza modekha, chinthu chimodzi pa nthawi.

Pali zina zosadikira mawa. Mwana amene dzulo amayenda bwino, lero mwendo kapena dzanja lalefuka lende, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mukukumbuka kuti mu February 2022 boma linalengeza kuti poliyo wapezeka mwa mwana ku Lilongwe, n'kuyamba katemera wa khomo ndi khomo; mwana aliyense wosafika zaka 15 wolefuka mwadzidzidzi amayenera kuyezedwa. Chimodzimodzi wotsimphina amene akumva ululu m'chiuno, m'bondo kapena pamsana, makamaka thupi likutentha, kapena wodzandira amene mutu ukumupweteka ndi kusanza m'mawa.

Ndiulule kulakwitsa kwanga, kuti inu musakubwereze. Zaka zapitazo anandibweretsera mtsikana wa zaka 9 wochokera chakumapiri a ku Thyolo, wopunthwapunthwa, mpira osawakha. Ndinamuyeza mphamvu, mfundo, kaimidwe, zonse bwino, ndipo ndinamupatsa zoyeserera za mwezi wathunthu. Atabweranso palibe chinasintha. Tikutsanzikana, agogo ake anangoti mocheza, "Komatu ameneyu posankha nyemba amachita kulowetsa nkhope m'lichero." Mwanayo sankaona patali. Mpira ankauona utafika kale pamphuno, miyala ya m'njira osaiona n'komwe. Chomwe ankafuna ndi magalasi, ine ndinamutayitsa mwezi. Chiyambire tsiku limenelo maso ndimayamba nawo. Inu muli ndi bolodi: mnyamata wanuyo muimikeni kumbuyo kwa kalasi, atseke diso limodzi ndi chikhatho, awerenge, kenako linalo.

Chilichonse mwa izi chikhale chomwe chikumuvuta, kusekedwako kukuwonjezera. Wochita kafukufuku wa ku America, David Stodden, ndi anzake analongosola mu 2008 momwe zimazungulirira: mwana wosatha amadziona kuti satha, amaleka kusewera, posasewera amatsalira kwambiri, anzake akupita patsogolo. Ali wamng'ono sazindikira, amangolowa nawo. Pa zaka 8 wayamba kudzifananiza ndi anzake, ndipo mukamuona akudzipereka yekha kukhala wosunga zikwama pansi pa mtengo, dziwani kuti kuzungulirako kwayamba. Mupatseni mnzake mmodzi wofatsa woti aziponyerana naye, mpira waukulu, pakona pomwe maso a anthu sali pa iye. Woseka mnzake mumudzudzule pomwepo, mofanana ndi momwe mungachitire ndi woseka wachibwibwi.

Bambo akewo musawatsutse pagulu, ndipo musayambe ndi dzina la nthenda, poti inu simunayeze ndipo inenso sindinamuone mwanayo. Aitaneni pamodzi ndi mayi ake, ngati n'kotheka tsiku loti sali kuntchito; wothyola tiyi akajomba tsiku ndiye kuti ndalama ya tsikulo yapita, ndipo kholo lobwera litataya ndalama silimva bwino. Yambani ndi zomwe mwanayo amachita bwino m'kalasi. Kenako nenani zomwe mwaona ndi maso: "Bambo, mwana wanuyu ndamuyang'ana masabata atatu. Akuyesetsa, koma miyendo ikumukanika. Ndikanakonda achipatala amuone kuti tonse mtima ukhale m'malo." Bambo woti mwana wake ndi waulesi nthawi zambiri amakhala kuti waona kale kuti china chake sichili bwino, koma ulesi ndi mawu opepuka kuwanyamula kuposa enawo. Ena amakhala atauzidwa kale kumudzi kuti pali dzanja la munthu. Musalimbane nazo, ingopemphani kuti kuchipatalanso apiteko. Pemphaninso kuti pakadali pano asamumenye akagwa kapena akataya madzi.

Poyambira ndi pachipatala chaching'ono chapafupi kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, amene angawatumize ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Mulanje Mission. Akafika anene kuti akufuna mwana aonedwenso ndi a mafizo. Zikafunika akatswiri a ana amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, za mafupa ndi mapazi opindika ku Beit CURE, ndipo ku Kachere, ku Blantyre komweko, kuli a mafizo ndi zipangizo zothandizira kuyenda. Anyamule buku la kuchipatala, lakale la kusikelo lomwe ngati lilipo, chifukwa m'menemo ndi momwe muli kulemera kwake pobadwa ndi matenda omwe anagonekedwa nawo. Kusukulu dziwitsani aphunzitsi aakulu, kuti ngati m'zoni yanu muli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga omwe amaphunzira ku Montfort ku Nguludi, adzamuone.

Ndipo muwalembere kakalata kopita nako. Pamzere wa kuchipatala dokotala amakhala ndi mphindi zochepa, mwana amaima chilili mwaulemu, kholo limangoti "amagwaigwa", n'kubwerako ndi panado. Inu lembani mizere isanu: zaka zake, kuti amagwa kangati pa sabata, kuti ndi mwendo umodzi amaima masekondi angati kumanja ndi kumanzere, momwe amadzukira pansi, ndiponso ngati mukuona kuti zikukula poyerekeza ndi teremu yatha. Pansi pake musaine ndi kudinda chidindo cha sukulu. Mukaona kuti podzuka akukwera ntchafu zake ndi manja, chiganizo chimenecho chikhale choyamba, mudule mzere kunsi kwake, ndipo apite sabata yomwe ino.